Tinagula migolo isanu yosankhuliramo zinyalala, koma anthu ayambanso kusakaniza: talakwitsa pati?

Mwini_Khonde
Ndikupempha nzeru kwa inu amene munayesapo kulimbikitsa anthu oyandikana nawo nyumba kuti azisankhula zinyalala. Ndine mmodzi wa anthu asanu amene tinasankhidwa kuti tiziyang'anira za ukhondo m'dera lathu, lomwe lili ndi mabanja oposa 60. Miyezi inayi yapitayo tinasonkherana n'kugula migolo isanu, ndipo pa mgolo uliwonse tinalembapo ndi penti zoyenera kutayamo: mapulasitiki, mapepala ndi makatoni, magalasi, zitini, komanso zotsala za kukhitchini. Sabata ziwiri zoyambirira zinthu zinayenda bwino kwambiri, moti ena ankachita kutsuka mabotolo asanawataye. Lero m'mawa nditavundukula mgolo wa mapepala ndapezamo matewera a mwana, makoko a zipatso, babu losweka ndi nsapato imodzi, ndipo makatoni onse amene anali pansi anali atanyowa n'kufewa ngati matope. Tinachititsa misonkhano iwiri, tinagawa timapepala khomo ndi khomo, koma zikuoneka kuti zonsezi zapita pachabe. Ndiwonjezere kuti galimoto imene imabwera Lachinayi lililonse imakhuthulira migolo yonse isanu malo amodzi chifukwa ilibe zipinda, ndipo ife tinkati nkhani imeneyo tidzaikonza anthu akazolowera kusankhula. Kodi vuto ndi anthu kapena njira yathu?

Kadzidzi
Mayi, yankho mwalilemba nokha kumapeto kwa uthenga wanuwo. Munthu amene watsuka botolo, n'kuliumitsa, n'kuliika mu mgolo wake, kenako n'kuona Lachinayi likukhuthulidwa pamodzi ndi matewera, sangadzatsukenso botolo lina. Anthuwo si amwano, anangoona.

Mwini_Khonde
Ndikuvomereza kuti zimenezo zinawagwetsa mphwayi, a Kadzidzi, koma kusakanizaku kunayamba ngakhale pakati pa mabanja amene amakhala ali kuntchito galimotoyo ikamabwera.

Kadzidzi
Ana awo ndi antchito awo amakhala ali pakhomo, ndipo amafotokoza madzulo.

MphunzitsiWopuma
Ndikugwirizana ndi a Kadzidzi pa za galimoto, koma ndikuona cholakwika china chimene chinachitika galimotoyo isanafike n'komwe. Migolo isanu ndi yambiri kwa munthu amene moyo wake wonse wakhala akutaya zonse m'chidebe chimodzi. Zinyalala sizisankhulidwira panja pamene pali migolo yanuyo. Zimasankhulidwira kukhitchini, pa nthawi imene munthu wagwira mpeni kudzanja lina ndi makoko kudzanja lina, mwana akulira. Ngati m'khitchinimo muli chidebe chimodzi, zonse zimalowa mmenemo, ndipo palibe amene adzafike pa migolo yanu n'kuyamba kupisa dzanja m'thumba lonunkha kuti alekanitse pepala ndi zakudya zosasa.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi magulu awiri okha: zonyowa ndi zouma, kapena tinene kuti zowola ndi zosawola. Chifukwa chake n'chakuti chimene chimaononga zinthu zoti zikanakonzedwanso ndi chinyontho ndi mafuta. Katoni youma ili ndi ntchito, koma ikangonyowa ndi msuzi yatha. Zouma zikakhala pazokha sizinunkha, siziitana ntchentche, zikhoza kudikira mwezi wathunthu m'thumba, ndipo munthu mmodzi wodziwa akhoza kuzigawa m'magulu asanu kapena khumi popanda kunyansidwa. Lipoti la World Bank la mu 2018 linasonyeza kuti pafupifupi 44 peresenti ya zinyalala za padziko lonse ndi zotsala za zakudya ndi zomera, ndipo m'mayiko osauka gawoli limaposa theka. Ndiye mukangochotsa zowolazo, mwachepetsa kale mulu wonse ndi pafupifupi theka musanakhudze botolo ndi limodzi lomwe.

Nyerere_Yofiira
Pepani aphunzitsi, koma sindikuvomereza kuti anthu sangakwanitse magulu asanu. M'tauni ya Kamikatsu ku Japan anthu amasankhula zinyalala m'magulu oposa 40, ndipo pafupifupi 80 peresenti ya zinyalala zawo zimakonzedwanso. Kulibe n'komwe galimoto yodutsa m'makomo. Aliyense amanyamula zake kupita nazo kumalo osonkhanitsira. Ngati iwo akukwanitsa oposa 40, ife tilephere 5? Ndikuona ngati tikuwachepetsa anthu, ndipo munthu ukamuchepetsa amachita zochepa zomwezo.

MphunzitsiWopuma
Chitsanzo chanucho n'choona, a Nyerere_Yofiira, koma chikundithandiza ine kuposa inu. Kamikatsu ndi tauni ya anthu osakwana 2,000, ndipo magulu oposa 40 aja sanawayambe tsiku limodzi. Anayamba ndi magulu ochepa n'kumawonjezera kwa zaka zambiri, ndipo m'chaka cha 2003 ndi pamene analengeza cholinga chawo chothetseratu kutaya zinyalala. Chachiwiri, pamalo osonkhanitsirapo pamakhala antchito othandiza munthu amene wasokonezeka. Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, zotsala za kukhitchini sazipititsa kumeneko. Banja lililonse limaziwoletsa kwawo kukhala manyowa. Choncho nawonso anayamba ndi kulekanitsa zonyowa ndi zouma, monga ndikunenera.

Wosankhula_PaLamba
Ine ndimagwira ntchito pamalo pamene zinyalala zouma zimafikira kuti zisankhulidwe zisanapite kumafakitale, ndiye ndiloleni ndifotokoze zimene maso anga amaona tsiku ndi tsiku, chifukwa mgolo wolembedwa kuti “mapulasitiki” umanamiza anthu ambiri.

Pulasitiki si chinthu chimodzi. Mukatembenuza botolo kapena kontena mudzaona kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala pakati, kuyambira 1 mpaka 7. Manambalawa anayambika ku America m'chaka cha 1988, ndipo ntchito yake ndi kunena mtundu wa pulasitikiyo, osati kulonjeza kuti ikonzedwanso. Nambala 1 ndi PET, ya mabotolo oonekera mkati a madzi ndi zakumwa. Nambala 2 ndi HDPE, ya zigubu ndi mabotolo olimba a sopo wamadzi. Mitundu iwiriyi ndi imene ogula amaifuna pafupifupi kulikonse. Nambala 5, yomwe ndi PP ya mabeseni, ndowa ndi zivindikiro zambiri, imapezanso ogula m'malo ena. Nambala 3 ndi PVC ya mapaipi, nambala 4 ndi LDPE ya majumbo ndi mapepala apulasitiki okutira katundu, nambala 6 ndi ija yoyera yopepuka yonyamuliramo zakudya, ndipo nambala 7 ndi zina zonse zosakanikirana. Timapaketi tonyezimira mkati tija timapangidwa ndi zinthu zingapo zomatidwa pamodzi, ndipo ife tikatiwona timangotiponya kumbali yopita kudzala.

Chimene chimatipweteka kwambiri pa lamba wa makina amene zinyalala zimayendapo tikamazisankhula ndi majumbo, chifukwa amakulungika m'zitsulo zozungulira za makina mpaka timazimitsa n'kukwera ndi mipeni kukawadula. Chachiwiri ndi botolo limene wina wathiramo mafuta a galimoto kapena mankhwala ophera tizilombo. Chachitatu ndi mbale zadothi, magalasi a pawindo ndi odziyang'anira amene anthu amaponya pamodzi ndi mabotolo agalasi. Zimenezi sizisungunuka mofanana ndi botolo, ndipo kachidutswa kamodzi ka kapu yadothi kamaononga mabotolo atsopano amene akupangidwa.

Ndiye langizo langa kwa a Mwini_Khonde ndi lakuti musayambe ndi funso lakuti “kodi n'chiyani chingakonzedwenso”. Yambani ndi funso lakuti “kodi ndani pafupi nafe amene akulandira chiyani”. Mukapeza kuti alipo wolandira zitini, makatoni ndi mabotolo a nambala 1 okha, sonkhanitsani zitatu zokhazo, ndipo anthu aziona ndi maso awo munthuyo akubwera kudzazitenga padera.

Mwini_Khonde
Zikomo kwambiri. Ndikuchita manyazi kunena kuti tinagula migolo tisanafunse aliyense ngati angalandire zimene tizisonkhanitsa. Kodi mabotolowo ayenera kutsukidwa ndi sopo?

Wosankhula_PaLamba
Ayi mayi, sopo safunika. Kungokhuthula zonse n'kutsukuluza ndi madzi amene mwatsukira mbale n'kokwanira, ndipo musawononge madzi abwino pa ntchito imeneyi. Botololo liphwanyeni ndi phazi kuti lisadye malo. Zitini za aluminiyamu ndizo zaphindu kuposa zonse, chifukwa kusungunula chitini chakale kumafuna pafupifupi 5 peresenti yokha ya mphamvu zimene zimafunika popanga aluminiyamu watsopano kuchokera ku miyala, ndipo chitsulocho sichitha mphamvu ngakhale chisungunulidwe kangati. Galasi nalonso limabwerezedwa mopanda malire. Pepala ndiye limatopa: timaulusi take timafupika nthawi iliyonse, moti limatha kubwerezedwa maulendo 5 mpaka 7 basi.

Kadzidzi
Ngati ndamva bwino, pa mitundu 7 ya pulasitiki, iwiri kapena itatu yokha ndi imene ili ndi kopita. Kafukufuku amene anatuluka mu 2017 anapeza kuti pa zinyalala zonse za pulasitiki zimene anthu anatayapo chiyambire, pafupifupi 9 peresenti yokha ndi imene inakonzedwanso. Komanso mayiko olemera amene ankadzitama kuti amakonzanso zambiri ankangozikweza m'sitima kupita nazo ku China, mpaka pamene dziko limenelo linakana kuzilandira kuyambira mu January 2018. Ndiye tikuvutikiranji? Ine zanga zouma ndimazisonkhanitsa kuseri kwa nyumba n'kuyatsa moto, pakangotha mphindi khumi palibenso kanthu.

Namwino_WaUsiku
A Kadzidzi, manambala anuwo ndi olondola, koma zimene mwamaliza nazozo ndikukupemphani mwaulemu kuti muzisiye. Zinyalala mukaziwotcha sizinathe ayi, zangosamukira mu mpweya, m'phulusa ndi m'mapapo a anthu. Moto wa kuseri kwa nyumba sutentha mokwanira, umangofuka, ndipo pulasitiki ikamafuka chonchi, makamaka ya PVC imene ili ndi chlorine, imatulutsa poizoni wotchedwa dioxin. Poizoni ameneyu sawola msanga. Amagwera m'dothi, nkhuku zimatola pamenepo, ndipo amaunjikana m'mafuta a nyama ndi m'mazira. Amadziwika kuti amayambitsa khansa komanso amasokoneza kakulidwe ka mwana ali m'mimba. Utsi wokhawo uli ndi tinthu ting'onoting'ono tolowa mpaka mkati mwa mapapo, ndipo ana amene ali ndi mphumu ndiwo amayamba kuvutika. Ndakhalapo usiku wathunthu pambali pa mwana amene akulephera kupuma, nthiti zikuchita kuoneka akamakoka mpweya, ndipo makolo ake atafunsidwa ananena kuti madzulo amenewo woyandikana nawo nyumba ankawotcha matayala ndi majumbo.

Kadzidzi
Ndamva, anamwino, ndipo sindikutsutsa za thanzizo. Koma mundiuze kumene ndizipititse, popeza galimoto kwathu imatha sabata zitatu osabwera.

Namwino_WaUsiku
Funso lanulo ndi lachilungamo. Ngati zowola mwaziika padera, zotsalazo zikhoza kukhala m'thumba lomanga bwino kwa sabata zitatuzo popanda fungo, bola lisanyowe ndi mvula. Ndiwonjezere chinthu chimene sichinatchulidwe pa migolo isanu ija: mabatire, mababu, mankhwala otha ntchito ndi singano. Batire ya galimoto kapena ya sola ili ndi mtovu ndi asidi, ndipo mtovu umaononga ubongo wa mwana ngakhale utakhala wochepa kwambiri. Mabatire a foni akaphwanyidwa m'galimoto ya zinyalala amatha kuyaka moto. Mababu opiringizika ndi aatali aja ali ndi chitsulo chapoizoni chotchedwa mercury mkati. Zimenezi zisungidwe m'kabokosi kapadera pamalo pamene ana safikira, ndipo komiti ifufuze kwa ogulitsa mabatire ndi kwa akhonsolo kumene zimalandiridwa.

Mlimi_WaM'zidebe
Popeza aphunzitsi anena kuti theka la vutoli ndi zowola, ndifotokoze za kompositi, ndipo ndiyambe ndi kulephera kwanga kuti ena asabwereze. Ulendo woyamba ndinatenga mgolo wotseka, ndinkangothiramo makoko, masamba ofota ndi zakudya zotsala tsiku ndi tsiku, n'kumavindikira. Patatha sabata zitatu ndinavundukula, ndipo fungo lake linandibweza m'mbuyo. Pansi panali madzi akuda, pamwamba mphutsi zili nyakanyaka. Mkazi wanga anandipatsa tsiku limodzi loti mgolowo uchoke pakhomo.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti tizilombo towoletsa zinthu timafuna mpweya, ndipo timafuna zakudya za mitundu iwiri. Zaziwisi ndi zonyowa, monga makoko ndi udzu wongodula kumene, zimapereka nayitulojeni. Zouma, monga masamba ouma, utuchi, mapesi ndi makatoni ong'ambidwa, zimapereka kaboni komanso zimasiya mipata yoti mpweya uzidutsa. Panopa ndikathira chidebe chimodzi cha zakukhitchini ndimakwiririra ndi zidebe ziwiri kapena zitatu za zouma. Chinyontho chake ndimachiyesa ndi dzanja: ndikafinya, zizimveka ngati nsalu yochapa imene yafinyidwa kale, osadontha madzi. Ndimatembenuza kamodzi pa sabata ndi foloko ya kumunda. Mulu wofika mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu umatentha mkati mpaka madigiri 55 kapena 65, moti m'mawa kukazizira umachita kufuka nthunzi, ndipo kutentha kumeneko kumapha mbewu za udzu ndi tizilombo tambiri toyambitsa matenda. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu zimasanduka zakuda, zofumbutuka, zonunkhira ngati dothi la pansi pa mitengo.

Makatoni anu onyowa aja, a Mwini_Khonde, sanatayike; ang'ambeni alowe mu kompositi, mungochotsa selotepi.

Nyerere_Yofiira
Kodi pali kusiyana kotani pakati pa kuwolera pakhomo ndi kukawolera kudzala? Zonse n'kuwola basi.

Mlimi_WaM'zidebe
Kusiyana kulipo, ndipo n'kofanana ndi kwa mgolo wanga woyamba ndi mulu wanga wa lero. Kudzala zinyalala zimapanikizana popanda mpweya, ndipo zikawola motero zimatulutsa mpweya wa methane, umene pa zaka 100 umasunga kutentha m'mlengalenga kuposa carbon dioxide maulendo oposa 25. Mpweya womwewo ndi umene umachititsa kuti madzala akuluakulu aziyaka okha kwa masiku ambiri. Madzi akuda otuluka mmenemo amalowanso pansi n'kukafika m'zitsime.

Wapachipinda_Chapamwamba
Zonsezi n'zabwino kwa amene ali ndi bwalo. Ine ndimachita lendi chipinda cham'mwamba, ndilibe ngakhale kadothi koti n'kuponda, ndipo ndimaopa makoswe. Kodi ife tisatenge nawo mbali?

Mlimi_WaM'zidebe
Makoswe amabwera chifukwa cha nyama, mafupa, mafuta ndi zakudya zophikaphika, choncho zimenezo musaziike mu kompositi ya pakhomo. Kwa inu njira yapafupi ndi kukhala ndi kandowa kovindikira bwino, pansi pake mutayala pepala, n'kumakakhuthula masiku awiri alionse pa mulu umodzi wa dera lonse. Koma mulu wa anthu onse umafuna mwini wake wodziwika, munthu mmodzi kapena awiri amene ntchito yawo ndi kuthira zouma ndi kutembenuza, ndipo manyowawo akapsa iwo ndiwo ayambe kupindula nawo. Mukausiya kuti ndi wa aliyense, pakutha pa mwezi udzakhala dzala lachiwiri.

Mlendo_Wakutali
Ndawerenga zonse ndipo ndikuona kuti tikusenzetsa mayi wa pakhomo katundu amene mwini wake ndi wopanga zinthu. Amene anasankha kuika mafuta ophikira m'kapaketi kosakonzekanso si wogula ayi. Ku Germany, kuyambira m'chaka cha 2003, wogula chakumwa cha m'chitini kapena m'botolo la pulasitiki lotaya amalipira kandalama ka chikole, ndipo amakabwezeredwa akabweza botololo kusitolo. Mabotolo oposa 90 pa 100 alionse amabwerera, popanda misonkhano kapena timapepala. Bangladesh inaletsa majumbo opyapyala mu 2002 zitaoneka kuti ankatseka ngalande n'kukulitsa kusefukira kwa madzi, Rwanda inawaletsa mu 2008, ndipo Kenya inatsatira mu 2017. Zimene lamulo limodzi limachita m'chaka chimodzi, komiti ya anthu asanu singazichite m'zaka khumi. Mphamvu zanuzo bwanji osazigwiritsa ntchito polembera akhonsolo ndi aphungu?

MphunzitsiWopuma
Mfundo yanu ndi yamphamvu ndipo sindiikana, koma musaiike ngati munthu ayenera kusankha chimodzi. Lamulo loletsa majumbo silichotsa makoko m'chidebe cha munthu. Ngakhale ku South Korea, kumene boma linaletsa kutaya zotsala za zakudya kudzala mu 2005 ndipo kenako linayamba kulipiritsa mabanja molingana ndi kuchuluka kwa zimene ataya, ntchito yolekanitsayo imachitikabe m'khitchini, ndi manja a munthu. Komanso komiti imene ingapite kukhonsolo itanyamula kope losonyeza kuti mabanja 40 akhala akusankhula kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo matumba opita kudzala achepa kuchoka pa chiwerengero chakuti kufika pa chakuti, idzamvedwa kusiyana ndi imene yangobwera ndi madandaulo.

Mlendo_Wakutali
Pa za kopelo ndagonja. Komabe ndikuumirira kuti uthenga woyamba kwa mabanja usakhale wa migolo, ukhale wa zimene zimalowa m'nyumba. Kunyamula chikwama chako popita kogula zinthu, kugula chigubu chimodzi chachikulu m'malo mwa timapaketi makumi awiri, kukonzetsa nsapato ndi wailesi m'malo motaya, kuphika zokwanira kuti zisatsale. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO linayerekeza mu 2011 kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse cholimidwa padziko limawonongeka kapena kutayidwa. Chinthu chimene sichinagulidwe sichifuna mgolo.

Nyerere_Yofiira
Pa za zikwama ndichenjezeko pang'ono. Ndili ndi mnzanga amene ali ndi zikwama zansalu zoposa khumi zimene analandira m'misonkhano ya zachilengedwe, ndipo zonse zili m'kabati pamene iye akubwera ndi majumbo atsopano tsiku lililonse. Kupanga chikwama cha thonje kumadya madzi ndi mphamvu zambiri kuposa kupanga jumbo imodzi, moti chiyenera kugwira ntchito maulendo oposa 100 kuti chibweze zimene chinawononga. Chikwama chothandiza ndi chimene muli nacho kale ndipo chimakhala pakhomo potulukira, osati chatsopano chimene komiti ingasindikize dzina lake.

Wosankhula_PaLamba
Pali anthu amene simunawatchule, chonsecho ndiwo akugwira kale ntchito imene mukuikambayi: otola mabotolo ndi zitsulo amene amadutsa m'makomo ndi m'madzala. Zambiri zimene zimafika kwathu zimabwera pa njinga ndi pamutu pa anthu amenewa, osati pa galimoto. Ambiri amabwera ndi zala zochekekachekeka chifukwa amapisa m'matumba momwe muli magalasi osweka, malezala ndi matewera. Mumzinda wa Pune ku India, otola zinyalala anapanga bungwe lawo lotchedwa SWaCH, ndipo anagwirizana ndi khonsolo kuti azitenga zinyalala khomo ndi khomo, mabanja n'kumawalipira mwezi ndi mwezi. A Mwini_Khonde, musanapite kutali, dikirani m'mawa wa Lachinayi muone amene amafika pa migolo yanu galimoto isanabwere. Mumufunse zimene amatenga, zimene amasiya, ndi tsiku limene angakonde kuzipeza zitamangidwa padera. Ndipo chonde uzani anthu kuti galasi losweka azilikulunga m'pepala lochindikala n'kulembapo.

Mwini_Khonde
Munthu ameneyo alipo, ndipo ndikuvomereza ndi chisoni kuti mwezi watha mmodzi wa komiti yathu anamuthamangitsa chifukwa ankamwaza zinyalala pofufuza zitini. Sitinaganize n'komwe zoti tikanamuikira padera sakanamwaza kanthu.

Nazi zimene ndikapereke kwa anzanga Loweruka. Migolo isanu ija tiisinthe: iwiri ikhale ya zouma zimene bamboyo anganene kuti amalandira, iwiri ya zopita kudzala, ndipo wachisanu tiuboole m'mbali ukhale wosungiramo masamba ouma ndi makatoni a kompositi. Pali bambo wina wachikulire amene amalima ndiwo zamasamba kumapeto kwa mzere wathu, ndipo ndikamupempha ngati angavomere kuyang'anira muluwo. Tiyamba ndi mabanja khumi amene akusankhulabe mpaka pano, osati onse 60. Chimene chikundivutabe ndi ichi: kodi amene apitirize kusakaniza tiziwalipiritsa chindapusa? Ena m'komiti akufuna zimenezo, ndipo wina anafika ponena kuti tizijambula matumba awo n'kuika zithunzi pa gulu lathu la WhatsApp.

Kadzidzi
Mukadzangoika chithunzi cha thumba langa pa gulu, tsiku lomwelo ndidzayamba kutaya usiku m'ngalande, ndipo simudzandigwira.

Namwino_WaUsiku
A Kadzidzi anena mwaukali koma anena zoona. M'thumba la zinyalala mumaoneka mankhwala amene munthu akumwa ndi zina zachinsinsi za m'banja, ndipo kuzionetsa pagulu kungabweretse udani woti simungauthetse. Chindapusa nachonso ndikuona kuti chisayambe panopa, pamene inu eni ake mwavomereza kuti njira yoyambayo inali ndi zolakwika za komiti.

MphunzitsiWopuma
Ndikuwonjezera kamodzi kokha. Pa mgolo musalembepo mawu okha. Mangirirani chitsanzo chenicheni, botolo lenileni ndi chitini chenicheni pa waya, chifukwa amene amatumidwa kukataya zinyalala nthawi zambiri ndi mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo amapita kukada. Muikenso migolo ya zopita kudzala pafupi ndi njira kuposa ya zouma, kuti waulesi afikire kutaya mmene sangawononge kanthu.

Mlimi_WaM'zidebe
Mgolo wa masamba oumawo muuvindikire mvula isanayambe, ndipo muyambe kusonkhanitsa masambawo panopa, chifukwa zouma ndizo zimayamba kutha. Bambo wa ndiwo zamasambayo akavomera, mundiuze kukula kwa malo amene ali nawo, ndikuuzeni ngati pangakwane milu iwiri, wina wothiramo ndi wina wosiya kuti upse.

Mwini_Khonde
Ndikayeza mawa madzulo ndikaweruka kuntchito. A Wosankhula_PaLamba, ndikufunseni chomaliza ndisanakumane ndi bambo wa zitini uja: kodi zivindikiro za mabotolo tizichotsa kapena tizisiya pomwepo?

Wosankhula_PaLamba
Zimatengera wolandirayo, choncho mumufunse iyeyo. Kwathu timakonda kuti botolo liphwanyidwe kaye kenako chivindikirocho chibwezeredwe, chifukwa chikakhala pachokha chimagwera pansi pa makina n'kupita kudzala. Botolo likagayidwa n'kuthiridwa m'madzi, PET imamira pamene pulasitiki ya chivindikiro imayandama, ndiye zimalekana zokha.